Toyota: kuchokera ku makina owombera nsalu kufika pa msewu wa M1

Malole oyamba amene Toyota inapanga ankafera panjira. Munali mu 1935, mtundu wa malolewo unkatchedwa G1, ndipo ngakhale pa ulendo wopita nawo ku Tokyo kukawaonetsa kwa anthu, zitsulo zina zinathyokera mumsewu. Amene anawagula anaona zakuda. Ekiselo ya kumbuyo inkathyoka katundu ali pamwamba, moti amakaniko a kampani ankangokhala tcheru usana ndi usiku kudikira uthenga wa komwe lole ina yafera. Kiichiro Toyoda, yemwe anayambitsa ntchito yonseyi, ankathamangira yekha kumaloko, kupepesa kwa mwini katundu, kenaka n'kukwawira pansi pa galimoto kuti aone ndi maso ake chomwe chathyoka.

Munthu amene waima pa Mibawa mu Blantyre kapena pa depoti ya Lilongwe, maminibasi a Hiace atandanda, ma Sienta ndi ma Probox akuitanira anthu chapambali, sangaikhulupirire msanga nkhani imeneyi. Kwathu kuno munthu akanena kuti wagula Toyota, anzake amadziwa kuti wagula galimoto yomwe siidzamuchititsa manyazi pa ulendo wa kumudzi. Koma mbiri yabwinoyi kampaniyi sinabadwe nayo. Inaipeza mochedwa, italephera kangapo, ndipo ine ndikailondola nkhani yonse ndimapeza kuti gwero lake ndi chizolowezi chimodzi chomwe chinayambira kutali ndi magalimoto, m'nyumba zowombera nsalu.

Bambo ake a Kiichiro, Sakichi Toyoda, anabadwa mu 1867 m'mudzi wina wa m'chigawo cha Shizuoka. Anali mwana wa kalipentala, ndipo amayi ake ankawomba nsalu pamanja monga ankachitira amayi ambiri a m'deralo. Mnyamatayo ankatha tsiku lonse akuonerera amayi akuwomba, mpaka anthu a m'mudzi kumamuyesa wozerezeka. Mu 1891 boma linamupatsa chikalata chomuteteza pa luso lake loyamba, makina amatabwa owombera nsalu. Anapitiriza kuwakonza kwa zaka zoposa 30, ndipo mu 1924, akuthandizana ndi mwana wake, anamaliza makina otchedwa Type G.

Pa makina owombera nsalu pamayalidwa ulusi wambirimbiri m'litali. Umodzi ukaduka makina n'kumapitirirabe, nsalu yonse yotuluka pambuyo pake imakhala ndi chilema, ndipo kawirikawiri mwini wake amadzazindikira mpukutu utatha kale. N'chifukwa chake kale makina alionse ankafuna munthu wake woti aziwayang'anitsitsa. Pa makina a Sakichi, ulusi uliwonse unkanyamula kachitsulo kopyapyala. Ulusi ukangoduka, kachitsuloko kankagwa, n'kutsekereza chitsulo china chomwe chinkayenda uku ndi uku kunsi kwake, makina n'kuima okha nthawi yomweyo. Wantchito ankabwera, kulumikiza ulusi, n'kuwayatsanso. Nsalu yoipa siinkatuluka, ndipo munthu mmodzi ankatha kusamala makina makumi angapo. Nzeru yake inali yakuti cholakwika chisaloledwe kupitirira malo amene chachitikira, ngakhale zitatanthauza kuimitsa ntchito.

Mu 1929 kampani ya Platt Brothers ya ku Oldham ku England, yomwe inali chimphona pa makina a nsalu, inagwirizana zolipira mapaundi 100,000 kuti izipanga nawo makina a Toyoda. Kiichiro anayenda ku America ndi ku England pa nkhani ya mgwirizanowu, ndipo anabwerako mtima uli pa magalimoto. Sakichi anamwalira mu 1930. Mu 1933 mwana wake anatsegula nthambi ya magalimoto mkati mwa kampani ya makina a nsalu, nagula Chevrolet, anyamata ake n'kuimasula yonse kachidutswa ndi kachidutswa kuti aphunzire. Injini yawo yoyamba inatengera ya Chevrolet yomweyo, ndipo galimoto yawo yoyamba yonyamula anthu, AA ya mu 1936, inafanana kwambiri ndi Airflow ya ku America. Iwo sankabisa kuti akuphunzira kwa anzawo.

Tisaiwalenso dzanja la boma. Nthawi imeneyo msika wa Japan unali m'manja mwa Ford, yomwe inali ndi fakitale ku Yokohama, ndi General Motors ku Osaka. Boma lomwe linkakonzekera nkhondo linafuna malole opangidwa kwawo, ndipo lamulo la mu 1936 linapereka ziphaso kwa Toyoda ndi Nissan, n'kupanikiza makampani akunja. Pa 28 August 1937 nthambi ija inaima payokha ndi dzina lakuti Toyota Motor Company, ndipo chaka chotsatira inatsegula fakitale yaikulu ku Koromo, tawuni ya kufupi ndi Nagoya yomwe mu 1959 inasinthidwa dzina kukhala Toyota City. Zaka za nkhondo zinathera pa malole a asilikali. Chakumapeto zitsulo zinasowa moti malole ena ankatuluka ndi nyale imodzi yokha kutsogolo, mbali zina zili zamatabwa. Bomba linagwera fakitale ya ku Koromo pa 14 August 1945, kutatsala tsiku limodzi kuti Japan igonje.

Chaka chimene chinaumba kampaniyi ndi 1950. Boma litamanga lamba pofuna kuthana ndi kukwera mitengo kwa zinthu, ogula malole analephera kubweza ngongole, ndalama zinauma, ndipo Toyota inatsala pang'ono kutsekedwa. Mabanki anavomera kuithandiza koma anaika mfundo zawo: ntchito yogulitsa ipatulidwe ikhale kampani ina, ndipo chiwerengero cha antchito chitsike. Kiichiro anali atalonjeza antchito ake kuti sachotsa munthu, iwo n'kuvomera kuti malipiro awo adulidwe. Lonjezolo linalephereka. Antchito ananyanyala ntchito kwa miyezi iwiri, anthu oposa 2,000 anachoka, ndipo mu June 1950 Kiichiro anatula pansi udindo. Iye anaona kuti sangauze anzake kuti azipita kwawo iye n'kutsalira pampando. Ndimamulemekeza pa ichi kuposa pa china chilichonse chimene anapanga, chifukwa ndi mabwana ochepa amene amalolera kugwa pamodzi ndi antchito awo.

Patangopita milungu yochepa, nkhondo inabuka ku Korea, ndipo asilikali a America anaitanitsa malole ambirimbiri ku Toyota. N'zowawa kunena, koma kampaniyi inapulumukira pa tsoka la anthu ena. Kiichiro sanadyerere. Anamwalira mu March 1952 ali ndi zaka 57, akukonzekera kubwerera paudindo. Otsalawo anatengapo phunziro lomwe sanaiwale kwa zaka zambiri: osadalira ngongole za kubanki, osapanga katundu woti azingokhala pabwalo, osataya kanthu.

Mu 1950 momwemo msuweni wa Kiichiro, Eiji Toyoda, anakakhala ku fakitale ya Ford ku River Rouge kuphunzira ntchito. Kumeneko magalimoto ankatuluka masauzande patsiku, pamene kwawo ankatuluka makumi ochepa. Anabwerera akudziwa kuti njira ya Ford, younjika zipangizo m'nyumba zikuluzikulu n'kumapanga mtundu umodzi wochuluka, Japan wosauka sangaikwanitse. Munthu amene anapeza njira ina ndi Taiichi Ohno, yemwe naye anayambira ntchito ku nsalu asanasamukire ku magalimoto mu 1943. Anali munthu wovuta, wosachedwa kukalipa, ndipo zinamutengera zaka zambiri kuti anzake amumvetse. Iye anati gawo lililonse la fakitale lizipanga zokhazo zimene gawo lotsatira latenga, panthawi imene lazifuna. Bokosi la zipangizo likatha, kakhadi kotchedwa kanban kankabwerera kwa opanga kukawauza kuti apange bokosi limodzi lina, osati awiri. Popanda mulu wa zipangizo wobisamo zolakwika, vuto lililonse linkaonekera poyera tsiku lomwelo.

Kenaka panabwera chingwe. Pamwamba pa mzere umene magalimoto amadutsa akamamangidwa anapachika chingwe chofika pamene munthu angatambasule mkono. Wantchito aliyense, ngakhale amene wangolembedwa kumene, akaona kuti nati yakana kumangika kapena waya waphonya malo, amakoka chingwecho. Nyale imayaka pa bolodi, kanyimbo kamalira, kapitawo amafika mothamanga. Vutolo likatheka msanga, mzere umapitirira. Likakanika, mzere wonse umaima, anthu mazanamazana n'kumadikira mpaka chomwe chachititsa chipezeke. Ohno ankaphunzitsa kuti vuto ulifunse kasanu kuti chifukwa chiyani, chifukwa yankho loyamba limangokuuza kuti fyuzi yapsa, pamene lachisanu limakuuza kuti pampu ya oyilo inalibe sefa. M'mafakitale a ku America nthawi imeneyo kuimitsa mzere unali mlandu, ndipo magalimoto olakwika ankakakonzedwa kumapeto ngati wina wawaona. Ku Toyota nzeru ya kachitsulo ka Sakichi anaipereka m'manja mwa munthu.

Sikuti zonse zinayenda nthawi imodzi. Mu 1957 anatumiza Crown, galimoto yawo yonyaditsa, ku America. Inapangidwira misewu yokumbika ya Japan komwe anthu sankathamanga, ndipo itaikidwa pa misewu ikuluikulu ya ku California inkatentha injini, kunjenjemera, n'kumalephera zitunda. Mu 1958 anagulitsa ma Crown 287 ndi Land Cruiser imodzi, ndipo pofika kumapeto kwa 1960 anasiya kuitumiza. Pambuyo pa manyazi amenewa anayamba ndondomeko yoyeza ubwino wa katundu pa gawo lililonse la kampani, yomwe inawapezetsa mphoto ya Deming mu 1965. Chaka chomwecho Corona yatsopano inalowa mu America n'kuyamba kugulidwa.

Corolla inatuluka mu November 1966. Amene anatsogolera ntchito yoipanga, Tatsuo Hasegawa, kale ankajambula ndege za nkhondo. Cholinga chake chinali galimoto yopanda mbali yofooka, yoti munthu wamba akaigula asadzanong'oneze bondo pa china chilichonse. Atamva kuti Nissan ikutulutsa Sunny ya injini ya 1,000cc, anakweza yawo kufika pa 1,100cc. Mafuta atakwera mtengo padziko lonse mu 1973, anthu amene ankanyoza timagalimoto ta ku Japan anayamba kutifunafuna. Pofika 2021 ma Corolla ogulitsidwa anali atadutsa 50 miliyoni. Hiace inatuluka mu 1967, Hilux mu 1968.

Umboni woti chinsinsi sichinali magazi a anthu a ku Japan unapezeka ku Fremont ku California. General Motors inali itatseka fakitale yake kumeneko mu 1982, itatchuka ndi kujomba kwa antchito, sitiraka ndi magalimoto osalongosoka. Mu 1984 inatsegulidwanso mogwirizana ndi Toyota pa dzina lakuti NUMMI, ndipo ambiri mwa olembedwa ntchito anali anthu omwe aja. Ena anatumizidwa ku Japan kukaphunzira, ndipo onse anauzidwa kuti chingwe n'chawo, azikoka. Pasanapite nthawi yaitali fakitaleyo inali pakati pa zotulutsa magalimoto abwino kwambiri mu General Motors yonse. Antchito anali omwewo, kasamalidwe kawo ndi komwe kanasintha.

Ku Africa kuno Toyota inalowera pa magalimoto a ntchito. Land Cruiser inayamba mu 1951 ndi dzina lakuti BJ, inayesedwa pokwera phiri la Fuji, n'kulandira dzina lake la lero mu 1954. Inali galimoto yomwe kampani inkaitsogoza kumaiko opanda misewu, kuti ikatsegule njira ya zinzake. Mu 1961 wamalonda wina, Albert Wessels, anaitanitsa mapikapu ochepa a Stout ku South Africa, ndipo bizinesi yakeyo inakula mpaka kukhala fakitale ya ku Prospecton ku Durban, komwe mpaka lero kumatuluka Hilux, Fortuner ndi maminibasi. Madzi osefukira ataimiza fakitaleyo mu April 2022, ntchito inaima miyezi ingapo, ndipo ofuna Hilux yatsopano m'chigawo chino anadikira. Kulimba kwa mapikapu amenewa kuli ndi mbali yake yomvetsa chisoni. Mu 1987 asilikali a Chad, atakweza mfuti zazikulu pa ma Hilux ndi ma Land Cruiser, anagonjetsa akasinja a Libya m'chipululu, ndipo nkhondoyo imatchedwa ndi dzina la Toyota mpaka pano. Galimoto yomwe imatenga mayi woyembekezera kuchokera kumudzi kupita naye kuchipatala cha boma m'nyengo ya dzinja ndi yomweyonso imene zigawenga zimaifuna, ndipo chifukwa chake n'chimodzi.

Lexus inabwera mu 1989, Prius yoyendera petulo ndi magetsi mu 1997, ndipo mu 2008 Toyota inaposa General Motors n'kukhala kampani yogulitsa magalimoto ambiri padziko lonse. Apa ndi pomwe inapunthwa. Mu August 2009 anthu anayi a banja limodzi anafa pafupi ndi San Diego pamene chopondera moto cha Lexus chinakodwa ndi kapeti, galimoto n'kukana kuima. Panatulukanso nkhani ya zopondera zina zomwe zinkachedwa kubwerera. Magalimoto oposa 8 miliyoni anaitanidwa kuti akakonzedwe. Mu February 2010 Akio Toyoda, mdzukulu wa Kiichiro, yemwe anali atangotenga utsogoleri, anakaonekera pamaso pa aphungu a ku America ndipo anavomera kuti kampani inakula mothamanga kwambiri mpaka kusokoneza zofunika kuika patsogolo. Akatswiri a boma la America sanapeze vuto mu makompyuta a magalimotowo, koma mu 2014 Toyota inalipira madola 1.2 biliyoni chifukwa chobisa zomwe inkadziwa. Madandaulo analipo kale, anthu mkati ankawadziwa, ndipo panalibe amene anakoka chingwe.

Zinabwerezanso posachedwapa. Mu December 2023 kafukufuku anapeza kuti Daihatsu, kampani yomwe ili yonse m'manja mwa Toyota, inkachita chinyengo pa mayeso a chitetezo, zina kuyambira mu 1989, ndipo mitundu 64 ya magalimoto inakhudzidwa. Ofufuzawo analoza nthawi yochepa kwambiri imene akuluakulu ankapereka, moti amisiri ankaopa kunena kuti mayeso alephereka. Ife nkhaniyi ikutikhudza, chifukwa Probox ndi Passo, ngakhale zili ndi chizindikiro cha Toyota, zinkatuluka m'mafakitale a Daihatsu. Mu June 2024 Toyota yeniyeniyo inavomera zolakwika pa kayesedwe ka mitundu isanu ndi iwiri, n'kuimitsa kaye kutumiza Corolla Axio, Corolla Fielder ndi Yaris Cross. Kampani inati magalimoto amene ali kale m'misewu alibe chiopsezo, ndipo Akio Toyoda anaweramanso kupepesa. Kupepesako n'koyenera, koma gulu la makampani lomwe linagulitsa magalimoto 11.2 miliyoni mu 2023 linayenera kudziwa kale kuti mmisiri woopa bwana wake sangateteze wogula.

Komabe ambiri a ife sitigula Toyota yatsopano. Zatsopano zimapita kuboma, kumabungwe, kumakampani ndi kwa ochepa olemera. Enafe timagula zimene a ku Japan atopa nazo. Kumeneko galimoto imayenera kupimidwa ndi boma ikatha zaka zitatu, kenaka zaka ziwiri zilizonse, ndipo kupimako pamodzi ndi misonkho yake kumadya ndalama zambiri. Eni ake ambiri amaona kuti kuli bwino kugulitsa n'kugula ina. Magalimotowo amapita ku okushoni, makampani monga BE FORWARD ndi SBT n'kuwaika pa intaneti. Mwayi wathu ndi wakuti Japan imayenda kumanzere kwa msewu monga Malawi, Zambia, Mozambique ndi Zimbabwe, choncho chiwongolero chimakhala kale mbali yoyenera.

Munthu amasankha pa foni, kutumiza ndalama kudzera kubanki, n'kudikira sitima milungu ingapo. Magalimoto ambiri amatsikira pa doko la Dar es Salaam. Kuchoka apo madalaivala amawayendetsa mondondozana, ali ndi nambala za IT, kudutsa Mbeya mpaka pachipata cha Songwe, pomwe nkhani ya msonkho wa MRA imayambira, ndipo msonkhowo umakwera malinga ndi zaka za galimoto ndi kukula kwa injini. Akamasulidwa amadutsa Karonga, kukwera Chiweta, Mzuzu, n'kutsika ndi M1. Mwini wake akailandira amapeza zolemba za pa wailesi zili m'Chijapani, wailesiyo ikukana masiteshoni ambiri a kuno chifukwa manambala ake amathera m'munsi, ndipo akangotembenuza kiyi, mawu a mayi amalankhula Chijapani kuchokera pansi pa chiwongolero. Ndi kachipangizo kolipirira misewu ya kwawo, kakudandaula kuti mulibe khadi. Ana amakondwa nako, ndipo eni ambiri sakachotsa.

Mukawafunsa eni ake chomwe anasankhira Toyota, mayankho amafanana. "Masipeya ake ali ponseponse." "Makaniko aliyense amaidziwa." "Ukafuna kuigulitsa siichedwa." N'zoona zonse, ndipo zikuonetsa kuti gawo lina la mbiri ya kampaniyi kwathu linamangidwa ndi manja a anthu a kuno. Pitani ku Biwi mu Lilongwe kapena ku Ndirande mukaone. Mnyamata wa ovolosi yakuda ndi oyilo amangomvetsera injini ya Corolla ikulira, n'kunena kuti, "Bwana, vuto ndi koyilo, musavutike kugula pampu." Kachipangizoko amakakapeza pa shopu ya pafupi, kapena pa galimoto ina yomwe inachita ngozi, dzuwa lisanapendeke. Magalimoto akachuluka masipeya amachuluka, masipeya akachuluka anthu amagulanso mtundu womwewo. Honda Fit, Mazda Demio, Nissan Caravan ndi mapikapu a Isuzu ndi magalimoto abwino, ndipo ena mwa iwo amaposa Toyota pa kukoma koyendetsa kapena pa mtengo. Koma ikakufera madzulo pa Jenda kapena pa Nchalo, chomwe umafuna ndi galimoto yomwe wina pamalopo anaimasulapo.

Madandaulo aliponso, ndipo sayenera kubisidwa. Magalimoto ambiri amene timaitanitsa anapangidwira misewu ya tala ya Osaka ndi Nagoya. Ndi otsika, ndipo pa msewu wafumbi wa mabampu amagunda pansi, mashoko ndi mabushi n'kutha msanga. Injini zotchedwa D-4, zomwe zili mu ma Noah, ma Voxy ndi ma Premio ena, zimafuna mafuta oyera, ndipo petulo wa m'zigubu wogulidwa m'mbali mwa msewu nthawi ya kusowa kwa mafuta amaziononga. Magiyabokosi a CVT ali ndi mafuta akeake, ndipo wina akathiramo a giyabokosi wamba, galimoto imayamba kunjenjemera ponyamuka mpaka kudzakaniratu. Ma Aqua ndi ma Prius, amene anthu anawakonda mizere ya mafuta itakula chifukwa samwa kwambiri, amafika batire yaikulu itatopa kale, ndipo kafani koiziziritsa kakadzaza fumbi batireyo imatentha n'kufa. Kugula ina ndi ndalama zoti munthu akhale nazo pansi. Palinso ogulitsa osakhulupirika amene amabweza manambala a makilomita m'mbuyo, galimoto n'kuipukuta kuti iwale pachithunzi. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere.

Chimene chimandipweteka kwambiri ndi momwe kulimba kwa magalimotowa takusandutsira chilolezo chowazunza. Sienta ndi galimoto ya banja, ya mipando 7. Probox inatuluka mu 2002 kuti izinyamula makatoni a m'masitolo m'matawuni a Japan. Kuno zonse ziwiri zimanyamula anthu opitirira muyezo, wina atakhala pamodzi ndi dalaivala pampando umodzi, matumba a chimanga kumbuyo, chitseko chomangidwa ndi chingwe. Injini imapirira, ndipo chifukwa choti yapirira mwini wake amaganiza kuti zonse zili bwino. Koma mabuleki anawerengedwera kulemera kwina, matayala nawonso chimodzimodzi, ndipo pa chitsikira kapena tayala likaphulika, dzina la kampani silithandiza munthu. Ndikumvetsa kuti dalaivala ali ndi ndalama yoti akapereke kwa bwana madzulo, mafuta akwera, ndipo okwera nawo alibe njira ina yofikira kwawo. Zonsezi n'zoona. Koma maliro amene timaika chifukwa cha ngozi zoterezi si a galimoto yoipa, ndi a galimoto yabwino yosenzetsedwa zomwe siinapangidwire.

Kutsogoloku kampaniyi ili ndi mpikisano umene sinakumanepo nawo. Inatsogola pa magalimoto ophatikiza petulo ndi magetsi, koma pa oyendera magetsi okhaokha inachedwa, ndipo makampani a ku China monga BYD athamanga. Galimoto yake ya magetsi ya bZ4X inaitanidwa mu 2022 itangotuluka kumene, chifukwa maboti a matayala ankatha kumasuka. Kwa ife amene magetsi amazimazima ndipo malo otchajira ndi osowa, Corolla ndi Hilux zikhala nafe nthawi yaitali ndithu, ndipo zimene zikugulitsidwa zatsopano ku Nagoya chaka chino ndi zimene zidzatsike pa Songwe zaka zikubwerazi.

Inu amene mukusonkhanitsa ndalama zoitanitsira yanu, yambani mwacheza ndi makaniko amene adzaisamale, musanatumize kalikonse. Mufunseni za injini ndi giyabokosi ya mtundu umene mwauona, ngati anaugwirapo, ndiponso ngati masipeya ake amapezeka m'dera lanu. Pemphani pepala la ku okushoni ndi nambala ya chesesi, muone ngati makilomita olembedwa pamenepo akugwirizana ndi amene akukuuzani. Werengerani msonkho galimoto isanakwere sitima. Ikafika, isanayambe ntchito iliyonse, isinthidwe oyilo, masefa, mafuta a giyabokosi oyenera mtundu wake, ndipo matayala a chisanu amene ambiri amabwera nawo achotsedwe chifukwa sagwirizana ndi tala wotentha wa kuno. Ndalama za zimenezi muzipatule poyambirira. Ngati zotsalazo sizikukwana galimoto imene mukuifuna, dikirani sitima yotsatira.